Jakisoni wochepetsa thupi: kusankha pakati pa semaglutide, tirzepatide ndi liraglutide

Mayina a Ozempic ndi Mounjaro akumveka tsopano m'masaluni, m'maofesi ndi m'magulu a WhatsApp muno mu Blantyre, ndipo ambiri akafika kwa dokotala amafunsa kuti wamphamvu kwambiri ndi uti. Pa nkhani yotsitsa sikelo, wamphamvu ndi tirzepatide, amene ndiye Mounjaro. Koma mphamvu yokha si imene iyenera kukusankhirani jakisoni. Awa ndi mankhwala obaya kwa chaka kapena kupitirira, ofuna furiji, obwera kuchokera kunja, ndipo mukawasiya thupi limabwerera. Wokuyenerani ndi amene akugwirizana ndi matenda amene muli nawo, amene mungamupeze weniweni mwezi uliwonse osadukiza, ndiponso amene thumba lanu lingapirire naye mpaka chaka chamawa.

Mankhwala ndi atatu, mayina ndiwo ambiri

Chimasokoneza anthu n'chakuti mankhwala amodzi amagulitsidwa ndi mayina awiri, lina la odwala shuga, lina la ofuna kuchepetsa thupi.

Semaglutide amapangidwa ndi kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark. Akalembedwa kuti Ozempic ndiye kuti ndi wa matenda a shuga, ndipo mlingo wake supitirira 2 mg pa sabata. Akalembedwa kuti Wegovy ndi wochepetsa thupi, mlingo wake wokhazikika ndi 2.4 mg pa sabata. Liraglutide ndi wa kampani yomweyo: Victoza wa shuga, Saxenda wochepetsa thupi, ndipo ameneyu amabayidwa tsiku ndi tsiku. Tirzepatide ndi wa Eli Lilly ya ku America, wobaya kamodzi pa sabata. Ku America wochepetsa thupi amamutcha Zepbound, koma m'mayiko ambiri dzina la Mounjaro limagwira ntchito zonse ziwiri.

Onsewa amatsanzira homoni yotchedwa GLP-1 imene matumbo amatulutsa munthu akadya. Homoniyi imauza ubongo kuti mwakhuta, imachedwetsa chakudya kuchoka m'mimba, ndipo imathandiza thupi kutulutsa insulin shuga akakwera. Tirzepatide amatsanziranso homoni yachiwiri, GIP. Choncho mankhwalawa sasungunula mafuta monga ena amanenera. Amachepetsa njala ndi chilakolako cha chakudya, munthu wa mitanda itatu n'kumakhuta ndi umodzi.

Kafukufuku wamkulu wa liraglutide anapeza kuti anthu amatsika pafupifupi 8 peresenti ya kulemera kwawo pa masabata 56. Wa semaglutide 2.4 mg, amene anatuluka mu 2021, anapeza pafupifupi 15 peresenti pa masabata 68. Wa tirzepatide wa mu 2022 anapeza 15 peresenti pa mlingo wa 5 mg ndi pafupifupi 21 peresenti pa 15 mg, pa masabata 72. Atawayerekeza mwachindunji mu kafukufuku amene anatuluka mu 2025, tirzepatide anatsitsa pafupifupi 20 peresenti pomwe semaglutide anatsitsa pafupifupi 14. Kwa munthu wa makilogalamu 100, ndiye kuti akuyembekeza kutaya 8, 15 kapena 20. Ziwerengerozi ndi za pakati chabe: ena amatsika kwambiri kuposa apa, ena satsika n'komwe. Odwala shuga amatsika pang'ono poyerekeza ndi ena, pafupifupi 10 peresenti ndi semaglutide. Ndipo onse a m'kafukufukuyu ankathandizidwanso pa kadyedwe ndi kulimbitsa thupi.

Yambani mwaona ngati mukuyenera kubaya

Tengani kulemera kwanu m'makilogalamu, mugawe ndi kutalika kwanu m'mamita kochulukitsa ndi kutalika komweko. Mayi wotalika mamita 1.60 wolemera makilogalamu 82 agawa 82 ndi 2.56, n'kupeza 32, ndipo chiwerengero chimenechi ndicho amachitcha BMI. Mankhwalawa anavomerezedwa kwa amene BMI yawo yafika 30, kapena 27 ngati alinso ndi vuto lobwera ndi kunenepa monga shuga, BP, mafuta ochuluka m'magazi kapena kubanika kutulo. Wa BMI ya 24 amene akufuna kulowa mu diresi la chinkhoswe saali m'gulu limeneli, ndipo kwa iye zoopsa za mankhwalawa zimaposa phindu.

Dokotala wabwino amayamba wafufuza chimene chakunenepetsani. Jakisoni wolera wa Depo amanenepetsa amayi ena. Prednisolone ndi dexamethasone, amene ena amangogula okha chifukwa cha mphumu kapena kuphwanya kwa thupi, amatupitsa nkhope ndi mimba. Mankhwala ena a khunyu ndi a matenda a maganizo amateronso, chimodzimodzi chithokomiro chikafooka. Ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene ambiri akumwa m'dziko muno, amawonjezera thupi kwa anthu ena, makamaka amayi. Apa tinene mosabisa: musasiye kapena kudumphitsa ma ARV chifukwa cha sikelo. Kambiranani ndi a ku kiliniki yanu, ndipo dokotala wokulemberani jakisoni adziwe zonse zimene mukumwa.

Musanabaye koyamba yezetsani shuga wa miyezi itatu amene amamutcha HbA1c, BP, kagwiridwe ntchito ka impso ndi chiwindi, ndipo mayi wa msinkhu wobereka ayezetse mimba. Wodwala shuga ayezetsenso maso. Lembani kulemera kwanu ndi kukula kwa m'chiuno poyeza pa mchombo, chifukwa ndi zimene mudzayerekezere nazo mtsogolo.

Pali anthu amene sayenera kuyandikira jakisoni aliyense mwa atatuwa: woyembekezera, woyamwitsa, amene iye kapena wachibale wake wamagazi anadwalapo khansa ya chithokomiro ya mtundu wa medullary kapena matenda a kumtundu otchedwa MEN 2, ndi amene ali ndi vuto la maganizo lodzimana chakudya kapena kudzisanzitsa. Amene anadwalapo kutupa kwa pancreas, chiwalo chimene chimapanga insulin, kapena amene mimba yake imachedwa kale kugaya chifukwa cha shuga wa nthawi yayitali, afunika kuonana ndi dokotala wamkulu wa matenda a m'kati asanaganize zoyamba. Chotupa cha pakhosi chimene anthu ambiri amachidziwa kuti chithokomiro si khansa imene tikunenayi, komabe chionetseni kwa dokotala.

Matenda anu akutsogolereni

Ngati munadwalapo mtima, sitiroko kapena kutsekeka kwa mitsempha ya m'miyendo, semaglutide ndiye ali ndi umboni wolimba. Mu kafukufuku wa SELECT wa mu 2023, wa anthu opitirira 17,000 onenepa, odwala mtima koma opanda shuga, semaglutide 2.4 mg anachepetsa ndi 20 peresenti imfa za mtima, kugwidwa mtima ndi sitiroko. Kwa wodwala shuga amene impso zayamba kufooka, semaglutide wasonyezanso kuti amachedwetsa kuwonongeka kwake. Munthu wotere asathamangire tirzepatide chifukwa chongomva kuti amatsitsa kwambiri.

Ngati BMI yanu ili cha m'ma 40, kapena mumaliza mkonono mpaka kubanika usiku n'kumasinza masana, tirzepatide ndiye woyamba kumuganizira. Ku America anamuvomereza mu December 2024 pa vuto lobanika kutuloli kwa anthu onenepa. Amatsitsanso shuga kuposa semaglutide wa 1 mg.

Kwa wodwala shuga, jakisoniyu amalowa m'dongosolo la mankhwala amene alipo kale. Metformin amapitirira bwinobwino. Koma glibenclamide ndi insulin akaphatikizana ndi jakisoni wochotsa njala, shuga amatha kutsika mpaka munthu kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira ndi kukomoka, ndiye dokotala nthawi zambiri amachepetsa mlingo wa amenewa tsiku lomwe mukuyamba. Muzikhala ndi kamakina koyezera shuga kunyumba ndi masiwiti m'chikwama. Mapiritsi a sitagliptin kapena vildagliptin amasiyidwa chifukwa amagwira pa njira yomweyo. Amene shuga wayamba kuwononga maso ake achenjere ndi semaglutide, pakuti shuga akatsika mofulumira vuto la maso limatha kukula miyezi yoyambirira. Kuyezetsa maso kumene tanena kuja n'chifukwa chake.

Liraglutide ndi wakale ndiponso wofooka pa atatuwa, koma tisamutaye. Amachoka m'thupi msanga, moti munthu akavutika naye akasiya amapepukidwa m'masiku ochepa, pomwe semaglutide amatenga masabata angapo kuti atheretu. Makampani ena ayambanso kupanga liraglutide wawo chifukwa umwini wa kampani yoyamba unatha m'mayiko ambiri. Vuto lake ndi kuchuluka kwa zogula: peni imodzi ya Saxenda, kachipangizo kobayira kooneka ngati cholembera, ili ndi 18 mg, ndiye pa mlingo wa 3 mg imatha masiku 6. Pa mwezi mufunika mapeni 5 ndi singano 30. Pa chaka mubaya ka 365 pomwe enawo ndi ka 52.

Amayi, nkhani yolera ili pakati penipeni pa chisankho chanu. Tirzepatide amachepetsa kalowedwe ka mapiritsi olera m'thupi, choncho amene akumwa mapiritsi agwiritsenso ntchito kondomu kwa masabata 4 atayamba ndiponso masabata 4 nthawi iliyonse mlingo ukakwezedwa. Poti mlingo umakwera pafupifupi mwezi uliwonse, chosavuta ndi kusinthira ku lupu kapena kachipangizo ka pamkono. Dziwaninso kuti thupi likatsika, mayi amene msambo wake unali wodukizadukiza amatha kutenga pakati mosayembekezera, ngakhale atakhala zaka osabereka. Amene akufuna mwana asiye semaglutide miyezi 2 asanayambe kuyesa, tirzepatide mwezi umodzi kapena kupitirira. Mukazindikira kuti muli ndi pakati mukubaya, siyani pomwepo ndipo pitani kusikelo mukanene.

Werengani ndalama za chaka

Awa si mankhwala amene mungayembekezere kulandira ulele pa zenera la chipatala cha boma, ndipo mtengo wake umayendera dola ndi randi. Funsani ku famase mtengo wa mlingo umene mudzakhazikikepo, osati wa peni yoyambira yokha, chifukwa kwa Mounjaro ndi Wegovy mtengo umakonda kukwera limodzi ndi mlingo. Chulukitsani ndi 13, poti mankhwala a masabata 4 amagulidwa ka 13 pa chaka. Onjezani singano, kuonana ndi dokotala ndi kuyezetsa magazi. Ngati muli pa MASM kapena inshuwalansi ina, funsani ndipo akuyankheni molemba, chifukwa mabungwe ambiri otere amasiyanitsa mankhwala olembedwera shuga ndi olembedwera kuchepetsa thupi.

Funsaninso kuti famaseyo imalandira katundu motani, ndipo miyezi yapitayi mlingo umene mukufuna unasowapo kangati. Pa atatuwa, amene amapezeka mosadukiza aposa amene ali wamphamvu koma amasowa miyezi iwiri. Kudukiza kumawononga kawiri: njala imabwerera, ndipo mukadumpha masabata angapo simungabwerere pa mlingo waukulu mwachindunji chifukwa mimba yaiwala, mumayenera kuyambiranso pansi. Mu kafukufuku wa semaglutide, amene anasiya anabwezeretsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a zimene anataya chaka chimodzi chisanathe. Ngati ndalama zikukwanira miyezi itatu yokha, malangizo athu ndi akuti musayambe. Ndalamazo zigwire ntchito pa kuyezetsa, mankhwala a BP ndi shuga ndi kuonana ndi katswiri wa kadyedwe.

Weniweni, ndiponso wozizira

Mu June 2024 bungwe la WHO linachenjeza dziko lonse za Ozempic wabodza amene anapezeka ku Brazil, UK ndi America. Ku Austria mu 2023 anthu anagonekedwa m'chipatala atabaya mapeni abodza amene ankaganiziridwa kuti munali insulin. Kwa munthu wopanda shuga, insulin yotere ingamuphe. Ngati zabodza zinalowa m'mayiko okhwimitsa malamulo chotero, za pa Facebook ndi pa sitetasi ya WhatsApp n'zosafunika kuziyesa.

Gulani ndi kalata ya dokotala ku famase yolembetsedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene ambiri amangoti PMRA. Chiphaso chake chimayenera kuonekera, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti mankhwalawo analowa bwanji m'dziko muno. Wogulitsa amene sakufunsani kalata ya dokotala wakupatsani kale chifukwa chomukayikira. Musanalipire, onani kuti nambala ya bachi ndi tsiku lothera ntchito zimene zili pa bokosi ndi zomwezo zili pa peni, kuti bokosi silinatsegulidwepo, kuti pepala la malangizo lilimo, ndiponso kuti chizindikiro sichikumatuka ngati chochita kumata pamanja. Madzi a m'kati akhale oonekera bwino ngati madzi akumwa, opanda tinthu toyandama. Peni ya Ozempic imaonetsa mlingo wake mu mg pa kawindo. Mukaona ikuwerenga manambala ambirimbiri mpaka 80 ngati ya insulin, musabaye. Sungani lisiti ndi bokosi mpaka peni ithe.

Pewani timabotolo ta ufa kapena madzi topanda dzina la kampani yodziwika, timene amati musungunule nokha n'kukoka ndi sirinji. Simudziwa chili m'katimo, ndipo kulakwitsa mzere umodzi pa sirinji kumatha kukupatsani mlingo wochuluka kakhumi. Retatrutide amene akutsatsidwa pa intaneti ngati watsopano woposa onse ndi mankhwala amene anali akuyesedwabe pamene anthu anayamba kumugulitsa mozemba. Chimodzimodzi kubayitsa ku saluni kuchokera ku peni imodzi yogawana ndi makasitomala ena: ngakhale asinthe singano, magazi amatha kubwerera m'peni, ndipo HIV ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B amafala motero.

Kutumiza wachibale ku Joni kuli ndi vuto lake. Peni yosatsegula imasungidwa pa madigiri 2 mpaka 8. Basi yodutsa ku Zimbabwe ndi ku Tete kudzatulukira pa Mwanza imatenga pafupifupi masiku awiri, ndipo m'buti mwa basi mwezi wa October mumatentha kupitirira madigiri 30 amene mankhwalawa amapirira. Ena pofuna kuteteza amakanikiza peni pakati pa madzi oundana, iyo n'kuundana nayo, ndipo yaundana ndiye kuti yawonongeka ngakhale itasungunuka n'kumaoneka bwino. Mukanyamula m'kachikwama kozizira, kulungani bokosi ndi kansalu kuti lisakhudzane ndi ayezi, ndipo pa ndege likhale m'chikwama cha m'manja.

Kunyumba ikani bokosi pa shelefu ya pakati pa furiji, osati pa chitseko ndiponso osati kumbuyo kogundana ndi khoma loundana. Magetsi a ESCOM akazima musatsegule furiji pafupipafupi: yotsekedwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4, ndipo mabotolo angapo a madzi ozizira m'katimo amawonjezera nthawi. Peni imene mwayamba kugwiritsa ntchito imapirira kunja kwa furiji ngati kutentha sikupitirira madigiri 30, koma masiku ake amasiyana: Saxenda mwezi umodzi, Mounjaro ya milingo inayi masiku 30, Mounjaro yobaya kamodzi masiku 21, Ozempic ndi Wegovy ya milingo inayi masabata 6, ngakhale mabokosi a Ozempic a ku America amati masiku 56. Tsatirani pepala la m'bokosi lanu, ndipo lembani pa bokosi tsiku limene mwabaya koyamba. Nyumba ya malata yopanda siling'i ku Ndirande kapena ku Bangwe imapitirira madigiri 30 masana a chilimwe. Mtsuko wadothi wokhala mu mchenga wonyowa, umene odwala shuga ambiri amasungiramo insulin, umathandiza peni imene mwayamba kale, koma sufika kuzizira kwa furiji, ndiye si wosungiramo mapeni a miyezi ikubwerayi. Ngati kwanu magetsi ndi osadalirika, muzigula peni imodzi imodzi, furiji ya ku famase ikusungireni zotsalazo. Apa jakisoni wa pa sabata amapambana Saxenda, chifukwa peni imodzi ya milingo inayi imakwana mwezi.

Kukwera makwerero

Onse atatu amayambira pa mlingo waung'ono umene ntchito yake ndi kuzoloweretsa mimba. Wegovy amayamba 0.25 mg pa sabata kwa masabata 4, kenako 0.5, 1, 1.7 mpaka 2.4 mg, sitepe iliyonse masabata 4. Mounjaro amayamba 2.5 mg kwa masabata 4, kenako 5 mg, ndipo akhoza kumakwera ndi 2.5 mg pakadutsa masabata osachepera 4 mpaka 15 mg. Saxenda amayamba 0.6 mg pa tsiku, n'kumawonjezera 0.6 sabata iliyonse mpaka 3 mg pa sabata yachisanu.

Cholakwika chimene chimagonetsa anthu m'chipatala ndi kufulumira. Wina akaona sikelo siikusuntha mwezi woyamba amabaya kawiri, kapena amagula peni ya mlingo waukulu chifukwa ndiyo inalipo, n'kusanza masiku atatu. Kufika pa mlingo wapamwamba si lamulo. Ngati pa Mounjaro 5 mg mukutsika theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata ndipo mukudya bwino, palibe chifukwa chokwerera. Nseru ikakula, khalani pa mlingo womwewo masabata ena 4. Osaphatikiza awiri mwa majakisoni amenewa, ndipo kusintha kuchoka pa wina kupita pa wina achite ndi dokotala, chifukwa mg za uyu sizifanana ndi za uyo.

Mukaiwala kubaya, Mounjaro mungabaye ngati sipanadutse masiku 4, Ozempic masiku 5. Kupitirira apo dikirani tsiku lanu la nthawi zonse. Saxenda mukadumpha masiku opitirira 3 mumayambiranso pa 0.6 mg.

Kabayidwe kake n'kosavuta. Sambani m'manja, ikani singano yatsopano, ya mamilimita 4 ndi yokwana ngakhale kwa munthu wonenepa. Pa peni yatsopano yesani kaye monga pepala likunenera mpaka kadontho kaoneke kunsonga. Bayani pansi pa khungu la pamimba, masentimita 5 kuchokera pa mchombo, kapena kutsogolo kwa ntchafu. Dinani mpaka kawindo kabwerere pa 0, kenako werengani pang'onopang'ono mpaka 6 musanazule pa mapeni a Novo Nordisk. Mukazula msanga mudzaona madzi akutsika pakhungu, mlingo wina watayika. Sinthani malo sabata iliyonse. Chotsani singano mukatha, chifukwa ikatsala pa peni imalowetsa mpweya ndi kutseka. Zakale ponyani m'botolo lolimba la pulasitiki lokhala ndi chitsekero n'kukapereka ku chipatala, osati kudzala kumene ana amasewera.

Zimene mimba idzachite, ndi zimene si zachibadwa

Mu kafukufuku wa Wegovy, pafupifupi anthu 44 pa 100 anamva nseru, 30 anatsegula m'mimba, 24 anasanza ndipo 24 anadzimbidwa. Enawo sasiyana kwenikweni. Zimakula masiku oyamba mlingo ukakwera, kenako zimazizira. Gwero lake ndi limodzi: chakudya chikuchedwa kuchoka m'mimba. Chipisi cha pa chiwaya, kanyenya wa nkhumba, mandasi ndi ndiwo zosambira mafuta zimakhala nthawi yayitali kuposa zonse, ndipo ndi zimene zimabweretsa kugeya konunkha ndi kutentha pamtima. Pakulani theka la zimene munazolowera, idyani pang'onopang'ono, ndipo mukangomva kukhuta siyani ngakhale mbale isanathe. Kumaliro ndi kuukwati kumene kusiya nsima kumaoneka ngati mwano, ndi bwino kudzipakulira nokha. Musagone maola awiri kapena atatu asanadutse mutadya.

Poti mukudya zochepa, zochepazo zikhale zomanga thupi, chifukwa gawo lina la makilogalamu otayika limakhala minofu. Yambani ndi ndiwo: usipa, matemba, mazira, nyemba, nandolo, soya, nkhuku, chambiko, masamba otendera pang'ono, nsima ibwere pambuyo ndipo ya mgaiwa ithandiza kudzimbidwa. Papaya ndi madzi okwanira zimathandizanso. Kawiri kapena katatu pa sabata chitani zolimbitsa minofu monga kunjuta, kukwera masitepe kapena kunyamula zolemera, ndipo zitunda za Soche ndi Chilomoni ndi zokwanira kwa woyenda pansi. Sobo, thobwa lothira shuga ndi mowa zimadutsa m'mimba mosavuta ngakhale njala palibe, ndipo n'zimene zimaimitsa sikelo mwa anthu ambiri amene amati jakisoni sakugwira.

Kusanza ndi kutsegula m'mimba kukapitirira, choopsa ndi kutha madzi m'thupi kumene kumapweteka impso, makamaka kwa amene akumwa mankhwala a BP okodzetsa kapena enalapril, ndi amene amamwa ibuprofen kapena diclofenac pafupipafupi. Khalani ndi Thanzi m'nyumba, ndipo musabaye mlingo wotsatira musanayambe kudya ndi kumwa bwino. Kuno kwathu palinso msampha wina: si kusanza konse kumene kuli kwa jakisoni. Kukabwera ndi kutentha thupi, yezetsani malungo tsiku lomwelo. Akakupatsani LA, kumbukirani kuti amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya cha mafuta pang'ono, ndiye ngakhale mulibe njala mwerani mkaka kapena phala la nsinjiro. Kutsegula kwa madzi okhaokha nthawi ya dzinja kuoneni ngati kolera mpaka a chipatala atanena kuti ayi.

Thamangirani ku chipatala, kaya ku Queens kaya kwa dokotala wanu, mukamva kupweteka kwambiri pamwamba pa mimba kosaleka, kolasa mpaka kumsana, chifukwa kungakhale kutupa kwa pancreas. Kupweteka kumanja pansi pa nthiti, maso achikasu kapena mkodzo wakuda ndi zizindikiro za miyala ya m'ndulu, imene imachuluka munthu akamatsika thupi mofulumira. Chimodzimodzi kusanza kosalekeza kwa tsiku lathunthu, mimba yotupa osatuluka chimbudzi ngakhale mpweya, kutupa kwa milomo ndi kubanika, diso kusiya kuona mwadzidzidzi, kapena chotupa chatsopano pakhosi ndi mawu osasa. Mukamapita ku opaleshoni iliyonse yogonetsa, kapena kukaunikidwa m'mimba ndi kachubu, nenani msanga kuti mukubaya, pakuti chakudya chimatha kutsalira m'mimba ngakhale mwasala usiku wonse, n'kulowa m'mapapo mutagona. Osala kudya pa Ramadan kapena pa mapemphero a kutchalitchi akonzeretu ndi dokotala, makamaka ngati alinso pa insulin kapena glibenclamide.

Thupi likayamba kutsika, achibale ena adzayamba kunong'ona kuti mwadwala, ndipo alipo amene amasiya mankhwala chifukwa cha mawu amenewa. Uzani munthu mmodzi kapena awiri a m'nyumba chimene mukuchita, adzakuthandizaninso tsiku limene mwadwaladi. Koma ngati kutsikako kukubwera ndi chifuwa chosatha, thukuta la usiku kapena kutentha thupi, musanamizire jakisoni, kayezetseni TB ndi HIV.

Kudziwa ngati mwasankha bwino

Yezani sikelo kamodzi pa sabata, m'mawa, pa sikelo yomweyo, ndi m'chiuno kamodzi pa mwezi. Pa Saxenda lamulo lake ndi lomveka: ngati simunatsike 5 peresenti mutakhala masabata 12 pa 3 mg, asiyidwe. Pa enawo madokotala ambiri amayang'ana 5 peresenti yomweyo pakadutsa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi pa mlingo wokhazikika. Musanaweruze mankhwala, onani kaye ngati peni inasungidwa bwino, ngati mukudikira musanazule singano, ndi zimene mukumwa. Zonsezi zikakhala bwino, kuchoka pa liraglutide kupita pa semaglutide, kapena pa semaglutide kupita pa tirzepatide, n'komveka. Amene tirzepatide wamuvuta m'mimba akhoza kupirira semaglutide, ndipo zimachitikanso mosemphanitsa.

BP ndi shuga ziziyezedwa pa ulendo uliwonse kwa dokotala, chifukwa makilogalamu 10 akachoka, mlingo wakale wa mankhwala a BP umatha kukhala wochuluka n'kumakuchititsani chizungulire mukaimirira. Sikelo imaima yokha pakatha chaka kapena chaka ndi theka, ndipo kumeneko si kulephera kwa mankhwala, ntchito yake yasanduka yoletsa thupi kubwerera. Ngati mukuona kuti ndalama zidzatha kapena mukufuna kutenga pakati, uzani dokotala miyezi iwiri kapena itatu nthawiyo isanafike, kuti akonze zotsitsa mlingo pang'onopang'ono ngati n'koyenera, aonenso mankhwala a shuga ndi BP amene anachepetsedwa aja, ndi kukupatsani tsiku loyezetsanso HbA1c patatha miyezi itatu mutabaya komaliza.